Kangaude wa ku Chembe ndi Nipi ya Kachasu

Kuchoka ku Chembe kukafika ku Zomba si patali ukayang'ana pa mapu, koma ine ulendowo unandidyera masiku awiri, ndipo unagwedeza chowinda chimene ndinachisunga zaka khumi ndi chimodzi. Munali m'masiku a chipani chimodzi, mwezi wa Febuluwale, mvula ili pakati. Katundu amene ndinanyamula anali wochepa kuposa kambewu ka mpiru.

Nthawi imeneyo ndinkagwira ntchito m'labotale ya zamoyo pa sukulu ina ya ukachenjede ku Zomba. Ndinkatsuka timabotolo, kulemba timapepala ta maina, ndi kuthira sipiriti m'timabotolo mosungira tizilombo kuti tisaole. Lamulungu ndinkalalikira mumpingo mwathu abusa akachokapo. Amene ndinkawathandiza pa ntchito anali mayi wina wa ku Ulaya, tonse tinkangowatchula a Dokotala, ndipo mtima wawo wonse unali pa akangaude.

M'kabati yawo munali timabotolo tisanu ta akangaude aang'ono kwambiri amene anawagwira m'mapiri a ku Chembe zaka zisanu ndi chimodzi m'mbuyomo. Onse anali aakazi. Pa kapepala kawo panali dzina la Chilatini, ndipo kutsogolo kwa dzinalo kunali chizindikiro cha funso. Banja la akangaudewo ankalidziwa, koma banjalo lili ndi mitundu ingapo, ndipo iwo sankadziwa ngati awa anali a mtundu wolembedwa pa kapepalako kapena a mtundu wina. Wodula mlanduwo anali wamwamuna. Kangaude wamwamuna ali ndi timanja tiwiri pafupi ndi kamwa, ndipo odziwa akaona mapangidwe a timanjato amanena kuti uyu ndi wa kwa yani.

"Mmodzi yekha akwanira, Bambo Kaliwo," anatero a Dokotala ponditumapo. "Koma asaume. Timanjato tikauma timafota, ndipo palibenso chimene tingatiuze."

Iwo anali atangodzuka kumene malungo, ndipo ntchito yawo m'dziko muno inali itatha. Ndege yawo inali ya Lachisanu la sabata yachiwiri. Akanapita opanda wamwamunayo, chizindikiro cha funso chija chikanatsala m'kabati mpaka kalekale, chifukwa panalibe wina wodziwa kuwerenga timanja totere. Ine nkhaniyi inandikhudza m'njira yangayanga. Ntchito yoyamba imene Mulungu anapatsa munthu m'munda muja inali yotcha zolengedwa maina, ndipo ndinkaona ngati mzere uja wa zinyama sunathe, ena akadali kudikira kumbuyo.

Ndinakhala masiku asanu ndi anayi ndikukwawa pansi pa miyala ya m'phiri, pamene madzi amachucha. Kangaude ameneyu saluka ukonde wafulati ngati anzake. Amaukoka pakati ndi ulusi umodzi mpaka utaoneka ngati ambulera yopindidwa ndi mphepo, n'kukhala chigwirire. Udzudzu ukayandikira amangotaya ulusiwo, ukonde n'kufwamphuka kukauphimba. Aakazi ndinawaona ambiri, ndinawasiya. Wamwamuna ndinamupeza Lachiwiri masana, mmodzi yekha. Ndinamuika m'kabotolo kochepa ngati chala chamkombaphala, ndinathiramo sipiriti kuchokera m'botolo langa lalikulu, ndinatseka, kenaka ndinagwada pamwala pomwepo.

Lachitatu m'mamawa ndinakwera lole ya nsomba yopita ku Monkey Bay. Msewu wa m'mapiriwo unali phala lokhalokha. Tinatitimira kawiri, ndipo kawiri konse amuna tinatsika kukakankha, matope mpaka m'maondo. Pokankhapo ndi pamene ndinadziwana ndi Che Amidu, Msilamu wa kwa Mponda, wogulitsa usipa wouma, munthu wa ndevu za imvi ndi pakamwa posatopa. Atandifunsa za m'bokosi langa ndinamufotokozera za ukonde uja.

"Aa, achimwene, ameneyo si kangaude," anatero. "Ameneyo ndi msodzi wa khoka la chilimira. Ndiye boma likukulipirani kuti muzigwira asodzi anzathu?"

Tisanalowe m'Monkey Bay tinapeza mtengo utapingasa pamsewu, anyamata a malaya ofiira ataima m'mbali. Tonse tinatsika, aliyense kadi ya chipani m'manja. Yanga inali ya chaka chomwecho, sanaivute. Chinawakopa ndi bokosi. Pamene mmodzi ankamasula chingwe, ine ndinasolola kabotolo ka kangaude ndi kukalowetsa m'thumba la malaya la pachifuwa, pambali pa kabuku kanga ka Mawu a Mulungu. Ndinaganiza kuti palibe malo otetezeka kuposa amenewo.

Mnyamatayo anatulutsa timabotolo topanda kanthu, kaburashi, galasi lokulitsira zinthu. Kenaka anatulutsa botolo lalikulu la sipiriti, analitsegula, ananunkhiza.

"Madala, ichi n'chiyani?"

"Ndi mankhwala osungira tizilombo. Kalata ya kuntchito nayi."

Kalatayo inali ya Chingerezi. Anaiyang'ana nthawi yaitali, anaipereka kwa mnzake, mnzakeyo anandibwezera.

"Tikaliyeza ku ofesi," anatero, atalipanira kale m'khwapa.

Ndinawachenjeza kuti zimenezo si zakumwa, zingathe kuwapha maso. Anandifunsa ngati ndikuwaphunzitsa ntchito. Masiku amenewo funso lotero silinkayankhidwa. Titakweranso lole, Che Amidu anandinong'oneza kuti, "Ofesi yake ili pansi pa lamba." Sindinaseke, koma sindinadandaulenso kwambiri. Kangaude anali m'sipiriti wake, pachifuwa panga.

Pa Monkey Bay basi ya naini koloko inafika wani koloko itadutsa. Tinaidikira pakhonde la golosale, ntchentche zikutisinthanitsa ndi madengu a nsomba. Pamenepo ndinamva mawu odziwika: "Si a Kaliwo awa? Mwada bwanji, abambo!" Anali Mayi Mbewe, mtsogoleri wa amayi mumpingo mwathu ku Zomba, akuchokera koona mwana wawo msilikali wa panyanja. Mayi Mbewe ndi munthu wolungama, wa mtundu uja woti akaona chinthu Lachitatu, Lamulungu akulu a mpingo achidziwa, osaonjezera kanthu, osachotsapo kanthu.

Basi inadzaza ngati bokosi la machesi. Mayi Mbewe anapeza mpando, ine ndinaima pambali pawo, kutsogolo kwanga kuli bambo wina wonyamula injini ya boti yokulunga m'chiguduli. Pa dzenje lililonse injiniyo inkandigunda pachifuwa. Ndinkayesa kuika dzanja, koma dzanja lomwelo ndi limene linkandigwiriziza ku chitsulo cha kudenga. Titayenda ndithu ndinamva kuzizira pachifuwa. Ndinayesa thukuta. Kenaka ndinaona Mayi Mbewe akukweza mphuno, akuyang'ana uku ndi uku, mpaka maso awo anaima pa ine.

"A Kaliwo," anatero motsitsa mawu, "fungoli likuchokera kwa inu?"

Ndisanayankhe, pansi pa basi panamveka phokoso ngati mbale zagwa, ndipo tinaima. Tinali titadutsa Nkope, pamalo opanda sitolo, opanda chipatala, milambe yokhayokha ndi minda ya chimanga. Dalaivala analowa pansi, anatuluka, ananena kuti chitsulo china chathyoka ndipo china chikachokera ku Mangochi. Kondakitala anakwera lole yodutsa kukachitenga. "Dzuwa lisanapendeke musayembekezere kanthu," anatero dalaivala, n'kukagona pansi pa mtengo, chipewa kumaso.

Ndinapita kuseri kwa mlambe ndi kutulutsa kabotolo. Kanali ndi mng'alu kuchokera pakamwa mpaka pansi. Sipiriti yense anali m'malaya mwanga ndi m'masamba a kabuku kaja. Kangaude anali atamatirira ku galasi, akadali wonyowa, timiyendo titapindika. Kumutola ndi kaburashi popanda madzi omuyandamitsa kukanamuthyola. Madzi wamba akanamutupitsa ndi kumuoletsa. Ndipo ndi kutentha kumene kunalipo, mphepo ikulowa pa mng'alu, ndinadziwa kuti ndili ndi ola limodzi kapena awiri. Ndinakulunga kabotoloko m'kansalu konyowa, ndinakhala pansi. Ndinakumbukira anamwali aja amene nyali zawo zinazima mafuta atatha, ndipo ndinadziona ndili mmodzi wa iwo.

Che Amidu ndi Mayi Mbewe anandipeza pamenepo. Ndinawafotokozera zonse.

"Sipiritiyo ndi mowa, eti?" anafunsa Che Amidu.

"Ndi mowa waukali kwambiri, wosamwa."

"Nanga kachasu?"

Yankho ndinkalidziwa. A Dokotala anandiuzapo kuti munthu akasowa pogwira, kachasu wamphamvu, woti ukayatsa machesi amayaka, angasunge kachilombo masiku angapo. Koma achimwene anga aakulu anafa ndi kachasu, chiwindi chitatupa, ndipo pamanda pawo ndinawinda pamaso pa Mulungu kuti phazi langa silidzaponda pakhomo potcheza kachasu, ndipo tambala yanga sidzalowa m'manja mwa wotcheza. Ndinalalikirapo za zimenezi kambirimbiri, Mayi Mbewe ali pa benchi ya kutsogolo.

"Kuno kwathu ambiri sititcheza," anatero Che Amidu, "koma kumunsi uko, ku zisakasa za asodzi obwera, kuli mayi wina. Ine ndimangomva, Wallahi, ndimangomva."

"A Kaliwo," anatero Mayi Mbewe, "chifukwa cha kangaude?"

Ndinaganiza za ng'ombe yogwera m'chitsime tsiku la Sabata, imene Ambuye anati ivuulidwe. Koma ng'ombe ndi ng'ombe. Ndinaganiza za mpheta zimene Atate saiwala ndi imodzi yomwe. Ndinaganizanso kuti Satana naye amadziwa Malembo, ndipo amawabweretsa munthu akatopa. Ndinafunyulula kansalu, ndinayang'ana. Mbali imodzi ya galasi inali itayamba kuuma.

"Ndikupita, mayi," ndinatero. "Ngati ndi tchimo, ndi langa."

Iwo anandiyang'ana, kenaka anamanga chitenje bwinobwino ndi kutsegula ambulera yawo.

"Tiyeni. Ndikaone ndi maso anga. Akadzandifunsa akulu a mpingo ndisadzanene zongomva."

Tinayenda mwina mphindi makumi anayi m'kanjira ka m'chimanga, Che Amidu patsogolo, ine pakati ndi bokosi kumutu ndi kabotolo m'manja, Mayi Mbewe pambuyo. Sindinawapemphe, koma ndinaona kuti mthunzi wa ambulera sunali pamutu pawo, unali pa dzanja langa.

"Lero dziko latha," ankatero Che Amidu. "Msilamu akuperekeza mlaliki kogula kachasu, amayi a mpingo atamufunditsa ambulera. Ndikakanena kwa Mponda adzati dzuwa landilowa m'mutu."

Titayandikira, fungo litatipeza, iye anaima pansi pa mtengo wa bwemba. "Ine malire anga ndi ano. Nyumba ndi iyo ya utsiyo." Ndinamuchitira nsanje. Iye malire ake anawasunga.

Wotchezayo anali mayi wamfupi, wa maso ofiira ndi utsi, dzina lake Nabanda. Kuseri kwa nyumba kunali mtsuko pamoto, womata ndi dothi, mpope ukuchoka pamenepo kudutsa m'chimwadiya cha madzi. Amuna atatu anali pa mphasa. Ataona tayi yanga ndi duku loyera la Mayi Mbewe anasiya kulankhula.

"Ngati ndi mapemphero, bwerani mawa," anatero Nabanda. "Lero ndili ndi moto."

Ndinati ndikufuna nipi imodzi. Amuna aja anaseka mpaka mmodzi anagwa chagada. Nabanda sanaseke. Anatunga m'botolo, anandipatsa m'kakapu. Ndinadontheza pang'ono pa chivundikiro cha chitini ndi kuyatsa machesi. Machesi anazima.

"Uyu ndi wofooka, mayi. Ndikufuna woyaka."

"Ee! Abusa awa ndi akatswiri!" anakuwa mmodzi wa pa mphasa. "Akufuna mutu!"

Mutu ndi kachasu woyamba kudontha mtsuko ukangotentha, ndiye waukali kuposa yense. Nabanda anati wa m'mawa unatha kale, ndipo mtsuko umene unali pamotowo anali atangoutereka. Anafunsa kuti ndi wa mankhwala anji. Ndinafunyulula kansalu, ndinamupatsa galasi lokulitsira. Anayang'ana nthawi yaitali.

"Kali ndi timanja," anatero.

"Timanjato ndi timene tikufunika."

"Ndiye mwayenda mtunda wonsewu chifukwa cha aka?" Anapukusa mutu, anagwada, anasonkhezera moto.

Sindinadikirepo chinthu ngati mmene ndinadikirira mpope umenewo. Ndinakhala pa chitsa, maso kukamwa kwa mpope, kansalu ndikukanyowetsa m'chimwadiya. Mayi Mbewe anakana mpando, anaima chilili. Amuna aja anatopa ndi kundiseka, nawonso anayamba kuyang'ana mpope. Nkhuku zinadutsa. Patapita nthawi ndinazindikira kuti milomo yanga ikugwedera, ndipo pemphero lake linali lakuti, Ambuye, adonthe msanga. Ine, mwana wa mayi mmodzi ndi malemu achimwene, ndikupempherera kachasu. Ndinachita manyazi, koma sindinaleke.

Dontho loyamba linagwa, kenaka lachiwiri, kenaka kamzere kowonda ngati ulusi. Nabanda anatchera kakapu, anakaviika m'madzi kuti kazizire. Ndinayesanso ndi machesi. Moto wabuluu unayaka pa chivundikiro, wosaoneka bwino ndi dzuwa, ndipo a pa mphasa anaomba m'manja.

Tsopano panafunika kuthira kachasuyo m'kabotolo kong'aluka, pang'onopang'ono, kuti kangaude amatuke yekha ku galasi, kenaka kumutsanulira m'kabotolo kena. Ndinayesa kamodzi, ndinataya. Mayi Mbewe anatseka ambulera.

"Bweretsani kuno. Mumwaza zonse."

Anagwira kabotoloko ndi zala ziwiri monga amagwirira singano, ine ndikudontheza. Kachasu ankatuluka pa mng'alu, kuyenderera m'zala zawo mpaka m'chigongono. Sanasunthe. Kangaude anagwedezeka, anamatuka, anayandama. Tinamutsanulira m'kabotolo katsopano, ndinadzaza, ndinatseka zolimba. Ndi galasi langa sindikanatha kudziwa ngati timanja tapulumuka. Zimenezo zinali za makina a ku labotale.

Ndinapisa m'thumba kuti ndilipire. Nabanda anabweza dzanja langa.

"Ndalama zanu sungani. Inu ndinu aja mumatitchula pa guwa, ndikudziwa. Mukadzatitchulanso mudzanene kuti mutu wa Nabanda umayaka."

Motero theka la chowinda changa linasungidwa, ndipo analisunga ndi munthu amene ndinkamutcha mdani. Theka linalo ndinaliphwanya ndekha ndi mapazi anga. Pobwerera Che Amidu anati tiziyenda patali naye pang'ono, chifukwa fungo lathu likanamuonongera mapemphero ake a swala.

Kondakitala anabwera ndi chitsulo dzuwa litapendeka kale. Tinalowa m'Mangochi kukuda, basi ya ku Zomba itapita. Ndinagona pa resitihausi ya mtengo wotsika pafupi ndi depoti, kabotolo kali m'bokosi, pakati pa thonje, pamene kanayenera kukhala chiyambire. Che Amidu tinasiyana naye m'mawa. Anandipatsa usipa wodzaza manja awiri n'kunena kuti msodzi mnzake akadzapeza dzina ndidzamutumizire uthenga.

Za Lachinayi ndilibe zambiri. Basi inanyamuka mochedwa, inaima pa Ulongwe nthawi yaitali popanda wotiuza chifukwa, ndipo pa Liwonde tinatsikanso kuonetsa makadi. Mayi Mbewe anakhala mpando wa kutsogolo, sanandilankhule njira yonse, ndipo pa depoti ya Zomba anangoti, "Pitani, mungawaphonye a Dokotala." Sindinadziwe chimene anali atakonza mumtima.

A Dokotala ndinawapeza akumanga mabuku m'makatoni. Anatsegula kabotolo, ananunkhiza, anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Ndi kachasu, a Dokotala. Ndifotokoza."

"Mufotokoza bwino lake."

Anamuika m'kambale pansi pa makina okulitsira, anawerama. Ndinaima kumbuyo kwawo ndikumva wotchi ya pakhoma. Anatembenuza kangaudeyo ndi kasingano, anatsegula buku lina la zithunzi, anayang'ananso, anatsegula lina. Kenaka anasuntha mpando nati ndione. Mwendo umodzi unali utathyoka. Koma timanja tonse tiwiri tinali todzaza, tonyezimira, tofumbata ngati nkhonya za khanda.

"Si a mtundu uja," anatero. "Zaka zonsezi tawasunga m'nyumba ya eni. Ndikafika kwathu ndikafananitsa ndi ena, koma pa dzina ili achokepo lero."

Anandipatsa cholembera. Ndinafufuta dzina lija pamodzi ndi chizindikiro chake cha funso, ndinasamutsa timabotolo tisanu kupita pa shelefu yopanda kanthu, ndipo wamwamuna tinamuthira sipiriti weniweni kuti akwere ndege. Kachasu wa Nabanda ndinamukhuthulira m'sinki. Ndinasamba m'manja katatu.

Ndinafika kunyumba miyendo ikukoka. Njira yonse ndinkakonza mawu oti ndiwauze mayi a kunyumba, ndi ena oti ndidzanene pamaso pa akulu a mpingo, pakuti ndinatsimikiza kuti ndikadzinenera ndekha. Ndinawapeza ataima pakhomo, manja m'chiuno. Anayandikira, ananunkhiza malaya anga.

"Mayi Mbewe adutsa pano," anatero.

"Anena chiyani?"

"Anena zonse. Akuti Lamulungu mukakaima pamaso pa akulu musakaime nokha, chifukwa kabotolo anagwira ndi iwo." Anandilanda bokosi. "Ndiye akuti ndikufunseni, timanja tafika?"

"Tafika, mayi. Tonse tiwiri."

"Chabwino. Vulani malayawo panja pomwepo."